AKAZI A KU LUNDAZI AGWIRA NCHITO, KOMA NDANI AWALANKHULIRA?

Aliyense woyenda pa mseu wocokera ku Chipata kunka ku Lundazi m'miyezi ya May ndi June aona kuti ambiri mwa anthu amene awerama m'minda kutola thonje ndi akazi. Ndiwonso amene asenda nshawa, asankha fodya ndi kugulitsa pa msika wa pa boma. Koma tikafunsa kuti ndi angati mwa iwo amene ali ndi khadi la bungwe la anchito, tipeza kuti ndi owerengeka: aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki a m'maofesi a Boma.

Nkhaniyi inayamba kale. Bungwe lalikulu la anchito, Zambia Congress of Trade Unions, linakhazikitsidwa m'caka ca 1965. Lamulo la 1971 linati pa mtundu uliwonse wa nchito pakhale bungwe limodzi lokha, ndipo mabungwe onse akhale pansi pa ZCTU. Ndalama za umembala zinali kudulidwa pa malipiro. Ici cinapatsa mabungwe mphamvu zambiri, kotero kuti a Frederick Chiluba, amene anatsogolera ZCTU kuyambira 1974, anafika pokhala mtsogoleri wa dziko mu 1991. Koma mphamvuzo zinali ku migodi, ku njanji ndi m'mafakitale, kumene amuna ndiwo anali ocuruka. Ku Lundazi kunalibe mgodi waukulu kapena njanji. Kunali khasu.

Mai wolima thonje sanali kuwerengedwa ngati wanchito. M'masiku a LINTCO, kampani ya Boma yogula thonje, kawirikawiri dzina lolembedwa m'buku linali la bambo wa pa nyumba, ndipo ndalama zinali kulowa m'thumba la bamboyo, ngakhale kuti kupalira ndi kutola zinali nchito za mai ndi ana. Pamene NAMBOARD inathetsedwa mu 1989, ndipo LINTCO inagulitsidwa kwa a Lonrho ndi a Clark Cotton mu 1994, msika unasintha, koma buku linakhala momwemo. Makampani apereka mbeu ndi mankhwala pa ngongole, nadula ndalama zao pa nthawi yogula. Mu 2012 mtengo wa thonje unatsika kucoka pa K3,200 kufika pa K1,600 pa kilo, m'ndalama zakale, ndipo alimi ena a Kum'mawa anatentha thonje cifukwa ca mkwiyo. Mlimi alibe bwana woti amunyanyalire nchito. Womulankhulira pa za mtengo ndi bungwe la alimi, Cotton Association of Zambia, osati bungwe la anchito.

Mabungwe nawonso anafooka m'zaka zimenezo. Makampani a Boma atagulitsidwa, anthu zikwi zambiri anacotsedwa nchito, ndipo lamulo la 1997 linalola kuti pakhale mabungwe akuluakulu oposa limodzi. Codabwitsa n'cakuti m'kugawikana komweko ndi m'mene mkazi anakwera pamwamba. Mai Joyce Nonde, a bungwe la anchito a m'mabanki, anakhala pulezidenti wa Federation of Free Trade Unions of Zambia, ndipo mu 2016 anasankhidwa kukhala Nduna ya za Anchito.

Iwo ali pa unduna, Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulo la Employment Code la caka ca 2019, limene mkazi aliyense wolembedwa nchito ayenera kulidziwa. Mai woyembekezera apatsidwa chuti ca masabata 14, ndipo alandira malipiro onse ngati wagwira nchito kwa bwana mmodzi kwa miyezi 24 mosalekeza. Akabwerera ku nchito, aloledwa ola limodzi pa tsiku loyamwitsa mwana kufikira atakwanitsa miyezi 6. Mkazi aliyense ali ndi tsiku limodzi pa mwezi lopumula popanda kalata ya dokotala, limene anthu alicha Mother's Day. Kucotsa mkazi nchito cifukwa ca pakati ndi mlandu.

Kwa mphunzitsi wa ku Mwase kapena namwino wa pa cipatala ca boma, izi ndi zinthu zogwirika, pakuti ali ndi bungwe lomuimira bwana akakana. Bvuto lagona pa miyezi 24 ija. Nchito zambiri zolipidwa za m'boma la Lundazi ndi za pa nyengo: kupima ndi kusoka matumba pa madepoti, kusankha nshawa ndi soya pambuyo pa kukolola. Zikhala miyezi itatu kapena inai, ndipo mvula ikayandikira zatha. Mkazi angagwire nchito yotere zaka khumi zotsatizana osafikitsa miyezi 24 yosadukiza ngakhale kamodzi.

Pansi pa iye pali winanso, wa ganyu, amene apalira m'munda wa mnzace m'mwezi wa January pamene nkhokwe yatha. Malipiro ace apangana pakamwa poyamba mzere, ndipo kawirikawiri ndi cimanga ca m'cigoba kapena mbale ya ufa.