Galimoto ikasintha kaliridwe, mvetserani isanakusiyeni panjira

Amayi anzanga, ambiri mwa ife sitinagwirepo chiwongolero, koma nthawi zambiri moyo wathu umadalira magalimoto akale. Mayi akataya magazi ambiri pobereka kuno ku Khombedza, kapena mwana akagona mopingasa, ulendo umakhala wa ku chipatala chachikulu cha Salima kudzera mumsewu wa M5. Ambulansi ikakhala itapita kukatenga wodwala wina, abale amathamangira pikapu yapamsika kapena kagalimoto ka mnansi. Mu 1994 akatswiri awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, anafotokoza kuchedwa kutatu kumene kumapha amayi oyembekezera: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira chithandizo. Galimoto yofera panjira usiku ili m'gulu lachiwirilo.

Kawirikawiri injini siifa mwadzidzidzi. Imayamba yalira mwachilendo kwa masiku angapo, ndipo khutu lililonse lingathe kumva kusinthako, ngakhale la munthu wongokwera. Chofunika ndi kusiyanitsa phokoso loti galimoto ikhoza kufika nalo kwa makaniko ndi phokoso loti injini izimitsidwe pomwepo.

Kusikelo timayamba ndi mafunso tisanagwire wodwala. Chitani chimodzimodzi. Phokosoli limabwera liti: m'mawa injini ili yozizira, pokwera chitunda, pokhota, kapena poponda mabuleki? Likuchokera kuti? Pali chinanso chimene chasintha, monga utsi, fungo, kapena nyali yofiira kutsogolo kwa dalaivala? Kenako pemphani adalaivala kuti aimike galimoto, aichotse mugiya, ndipo apondeko mafuta pang'ono. Phokoso likamakula pamodzi ndi kulira kwa injini, vuto lili pa injini. Likamamveka pokhapokha galimoto ikuyenda, kayang'anitseni kumatayala ndi kunsi.

Phokoso losongoka lakuti kwiii! pongoliza galimoto, makamaka kukagwa mvula, nthawi zambiri ndi lamba wa injini, uja amati fan belt. Amakhala kuti wakhwepa kapena watha. Lambayu amazunguza chipangizo chotchaja batire, ndipo pa magalimoto ambiri akale amazunguzanso pampu ya madzi oziziritsa injini. Akaduka, magetsi amayamba kuchepa mphamvu ndipo injini imatentha. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi zimene amawononga akaduka, choncho asinthidwe ulendo wautali usanachitike.

Kaphokoso kakuti tetetete kumtunda kwa injini kamasonyeza kuti oyilo wachepa, kapena kuti ma valve akufunika kukonzedwa. Kuyeza oyilo n'kosavuta. Galimoto iime pamalo athyathyathya, injini ikhale itazima kwa mphindi zingapo. Solorani kachitsulo koyezera, kapukuteni, kalowetseninso ndi kukasololanso. Oyilo ayenera kukhala pakati pa zizindikiro ziwiri zimene zili pa kachitsuloko.

Phokoso loopsa kuposa onse ndi lolemera, lakuti gogogo, lochokera kunsi kwa injini ngati wina akumenya ndi hamala mkati, lomwe limakula dalaivala akaponda mafuta. Apa zitsulo zamkati zikukhulana popanda oyilo wokwanira. Likabwera pamodzi ndi nyali yofiira ya oyilo, injini izimitsidwe nthawi yomweyo. Kukakamira makilomita ochepa okha ndiko kumachititsa zija timamva kuti injini yanoka, ndipo pamenepo mwataya zonse ziwiri, galimoto ndi ulendo. Ngati mwanyamula wodwala, imbirani galimoto ina.

Galimoto ya petulo ikamalira ngati timiyala m'chitini pokwera chitunda, ndiye kuti mafuta akuyaka nthawi yolakwika. Zimachitika injini ikatentha kwambiri, ikasokonekera timing, kapena mafuta akakhala oipa. Mafuta akasowa m'dziko muno ambiri timagula a m'zigubu, ndipo ena amakhala osakanizidwa ndi palafini kapena madzi. Koma dziwani kuti injini ya dizilo imalira mokhokhoma mwachibadwa, makamaka m'mawa. Chodetsa nkhawa ndi kusintha kwa kaliridwe kamene munakazolowera.

Phokoso lakuti phwaphwaphwa kunsi kwa galimoto ndi ekizozi yobooka. Ambiri amalipeputsa chifukwa galimoto imayendabe, koma kwa ife azamba limatidetsa nkhawa. Mu utsi wa injini muli mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Ukalowa m'galimoto kudzera m'mabowo a pansi, umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Umayambitsa mutu, chizungulire ndi nseru, ndipo mwana wosabadwa ndiye amavutika nawo kwambiri. Tsekulani mazenera onse, ndipo mayi woyembekezera asamadikire m'galimoto yoima injini ikulira.

Mukamva tsiii! ndi kuona nthunzi ikutuluka m'boneti, madzi a mu radiyeta akuthawa. Kuno kunyanja zimachitika kwambiri mu October ndi November, dzuwa likafika poswa mtengo, fumbi ndi udzu zitatseka radiyeta. Injini izime, ndipo wina asatsekule chivundikiro cha radiyeta mpaka itazizira, patadutsa mphindi zosachepera 30. Madzi ake amatumphuka ndi kuwotcha nkhope ndi manja. Wina akapsa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20. Osapaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira.

Kupeza penipeni pamene pakuchokera phokoso ndi ntchito ya makaniko. Mudzamuona akugunditsa sikuludiraiva yaitali pa injini, chogwirira chake ali nacho kukhutu, monga momwe ife timamvetsera mtima wa mwana ndi kachipangizo kaja timaika pamimba. Inu musayesere. Chitenje, duku kapena kolona wolendewera zikhoza kukodwa mu fan kapena mu lamba. Ngati phokosolo limabwera ndi kupita, lijambuleni pa foni mutaima patali, kuti makaniko akamve yekha.

Pa msonkhano wanu wotsatira, gwirizanani magalimoto awiri a m'dera lanu amene mungawadalire usiku, ndipo sungani manambala a eni ake. Mayi akalowa mwezi wa 8, wina apite kukafunsa ngati oyilo, madzi, lamba ndi mafuta zili bwino. Amene anauzidwa kusikelo kuti mimba yawo ili ndi chiopsezo asayembekezere matenda kunyumba. Apite msanga kukadikirira kuchipatala. Ndipo mukakwera galimoto n'kumva kaliridwe kachilendo, nenani mwaulemu kuti, "Adalaivala, taimani kaye timve." Mwina akusekani, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna.