Amelina adafukula buku, ife tikudikira chiyani?

Victoria Amelina wa ku Ukraine ankalemba mabuku a nthano. Asilikali a Russia atalowa m'dzikomo mu 2022, iye adayamba kuyenda m'midzi kulemba umboni wa anthu ozunzidwa. Ku Kapytolivka adafukula kope lomwe mlembi mnzake, Volodymyr Vakulenko, adakwirira pansi pa mtengo asanaphedwe. Mu 2023 bomba lidagwa palesitilanti ku Kramatorsk, Amelina n'kumwalira ali ndi zaka 37.

Kuno kwa Kaphuka, agogo athu amakumbukira anzathu a ku Mozambique omwe adathawira m'boma la Dedza nkhondo yawo isadathe mu 1992. Nanga adalemba ndani? Ine ndatuma ophunzira anga kukacheza nawo, makope ali m'manja, chifukwa maliro aliwonse akutilanda mboni.