Bokosi lakale la magemu ladzukanso ku Kachebere

Kuseri kwa golosale ya amalume anga kuno ku Kachebere kunali chibokosi chamatabwa cha magemu, chija choponyamo ndalama yachitsulo. Anachigula ku Chipata kalekale, koma chinafa mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo mazira. Ine ndachidzutsa, ndipo chinsinsi chake ndi emulator.

Gemu ngati Pac-Man ya 1980 inalembedwa kuti iziyenda pa purosesa ya Z80, yothamanga pafupifupi 3 MHz. Kompyuta ya lero siimva chinenero cha Z80. Emulator ndi pulogalamu yogwira ntchito ya womasulira: imawerenga lamulo lililonse la purosesa yakaleyo n'kuliuza yatsopano m'chinenero chake. Kumasulirako kumatenga nthawi, n'chifukwa chake pamafunika makina aliwiro kwambiri kuposa akalewo. Ndinagwiritsa ntchito Raspberry Pi 3, kakompyuta kokwana m'dzanja ka 1.2 GHz, liwiro lochuluka pafupifupi ka 400. Ndinaikamo RetroPie, momwe muli MAME, emulator yomwe inayamba mu 1997.

Mabatani ndi ndodo yoseweretsera ndinasiya akale omwewo. Batani ndi switch basi. Mawaya ake ndinawalumikiza ku kabolodi ka USB, Pi n'kumaona ngati gamepad.

Tsono apa mumvetsetse, anzanga: TV yakale yachimbuyo ija, ya CRT, musaitsegule. Imasunga magetsi a mavoti masauzande ngakhale mwaizula pasoketi. Ine ndinachita kuitana wokonza ma TV kuti aichotse, tinaikapo monitor yafulati.

Pi imangofuna 5 V, moti magetsi akathima imayakabe ndi power bank. Monitor ndiye imakana, choncho panopa ndikusunga ndalama za batire ndi sola.