Mwana amasochera pati m'chiganizo cha Chingerezi?

Wophunzira wa Folomu 4, kaya ali ku Robert Blake ku Kongwe kapena pa CDSS ya kumapiri a Ntchisi, amadziwa kuti akalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE palibe, ngakhale atakhoza masamu ndi Chichewa. N'chifukwa chake ndime ikavuta m'buku monga The Pearl la John Steinbeck, chizolowezi n'kulemba mawu ovuta pabolodi, matanthauzo pambali, ana n'kuloweza. Zimathandizako ndithu. Koma ine ndimaona kuti nthawi zambiri mwana amasochera pomwe mawu onse akuwadziwa.

Taonani chiganizo ichi: The goat that the farmer's son chased into the garden ate the maize. Mulibe liwu lachilendo. Koma mukafunsa kuti wadya chimanga ndani, ena ayankha kuti mwana wa mlimi, poti ndiye wayandikana ndi mneni. M'Chichewa vutoli silingachitike: "Mbuzi imene mwana wa mlimi anaithamangitsira m'dimba inadya chimanga." Ka "i" ka mu "inadya" kakuloza mbuzi, basi. Akadakhala mwanayo tikadati "anadya". Mgwirizano wa magulu a mayina umatigwira dzanja mpaka kumapeto kwa chiganizo, ndipo tidauzolowera moti sitiuonanso. Chingerezi chimadalira malo amene liwu laima. Mwana wa ku Mponela akulowa m'chiganizo chachitali akuyembekeza zizindikiro zomwe mulibe.

Njira yake ndi yosavuta. Mwana apeze mneni aliyense m'ndimeyo, adzifunse m'Chichewa kuti "akuchita ndani?", kenaka alembe kaphatikizo koyenera pamwamba pa mneniyo: a, i, chi, zi. Akalemba "i" pamwamba pa ate, ndiye kuti wamva chiganizocho. Akalemba "a", mphunzitsi waona pomwe pagona vuto asanachonge n'komwe.

Pali mbali ina pomwe Chingerezi ndicho chili ndi chizindikiro ife tilibe. Ife "iye" ndi mwamuna kapena mkazi yemwe. Steinbeck akamasinthasintha pakati pa Kino ndi Juana pogwiritsa ntchito he ndi she, mwana amene khutu lake silinazolowere kusiyanitsa awiriwa amapatsa Kino maganizo a Juana. Timawu tiwiri tokha, koma yankho lonse lapita.

Pa nkhani yochulukitsa mawu, Chichewa chidatiphunzitsa kale luso lomwe timalisiya pakhomo la kalasi. Mwana aliyense amadziwa kuti thyola, thyoka, thyoledwa ndi thyoletsa n'za tsinde limodzi. Amadziwanso kuti "chotheka" chikalandira "sa" chimasanduka "chosatheka". Eti si zomwezo zikuchitika pa possible ndi impossible, kapena break, broken, breakable, unbreakable? Woloweza mndandanda amatuluka ndi liwu limodzi. Amene waphunzira kuphwanya liwu kukhala tsinde ndi aphatikiri amatuluka ndi anayi, ndipo lachisanu adzalizindikira yekha tsiku la mayeso a MANEB, komwe kulibe dikishonale.

Ena amati kulowetsa Chichewa m'phunziro la Chingerezi n'kuwononga ana, makamaka kuyambira 2014 pomwe boma lidalengeza kuti aziphunzira m'Chingerezi kuchokera Sitandade 1. Nkhawayo ndimaimvetsa ngati mphunzitsi akungomasulira buku lonse mzere ndi mzere. Zomwe ndikunenazi n'zamphindi zisanu zokha zofanizira kamangidwe ka ziyankhulo ziwirizi, kenaka kalasi n'kubwerera ku ndime ya Steinbeck m'Chingerezi momwemo.