Mipeni iwiri yopinda, mtengo umodzi: tigule uti?

Pa tsiku la msika kuno ku Euthini mipeni yopinda imayalidwa pamphasa limodzi ndi maloko, matochi ndi malezala. Kawirikawiri imakhala ya mitundu iwiri, ndipo mtengo wake susiyana kwenikweni. Wina ndi Okapi, wa chigwiriro cha mtengo ndi kamphete kumsana. Winayo ndi wonyezimira, wa chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo yambiri yotereyi imachokera ku China. Anzathu ogulitsa usipa akafika kuno kuchokera ku Nkhata Bay amatifunsa kuti wabwino ndi uti. Ife timayamba ndi kuwafunsa kuti mpeniwo uzikagwira ntchito pouma kapena pamadzi.

Okapi si mlendo ku Mzimba. Anabwera m'masutikesi a makolo athu amene ankapita kumigodi nthawi ya WENELA ndi TEBA, ndipo lero akubwerabe m'katundu wa ana athu ochokera ku Joni. Anayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen m'dziko la Germany, kenako mu 1988 ntchito yopanga inasamukira ku South Africa. Ena ali ndi kamwezi ndi tinyenyezi pachigwiriro. Musati ndi mpeni wa Chisilamu ayi, ndi zokongoletsa chabe za opanga.

Kusiyana kwakukulu kuli m'chitsulo. Chitsulo cha Okapi ambiri ndi cha mtundu wa chikwanje ndi khasu. Chimamva mwala msanga. Mukanola pamwala wa kumtsinje, kangapo mbali iyi kangapo mbali inayo, mpeni wayamba kumeta cheya cha pamkono. Choipa chake ndi dzimbiri. Mukatumbula nsomba n'kuupinda osapukuta, m'mawa mupeza madontho ofiira, ndipo ukakhudzana ndi mchere ndiye basi. Kuda kumene kumabwera mukadula mandimu kapena mango kusakudetseni nkhawa, kuda kumeneko si dzimbiri.

Wonyezimira uja anausakaniza ndi chitsulo china chotchedwa chromium, chopitirira magawo 10 pa 100 alionse. Chimenechi ndicho chimatchinga dzimbiri. Koma yotsika mtengo yambiri imakhala yofewa. Mukadula chingwe cha nayiloni kangapo yabuntha, ndipo ponola kukamwa kwake kumangopindikira mbali ina ngati chitini. Ilipo yabwino ndithu, koma pamphasa simungaizindikire ndi kunyezimira, chifukwa yonse imanyezimira.

Tsono kwa mlimi wa kumtunda ngati ife, wosenda luzi, wodula mapesi, womezanitsa mango ndi kusema timitengo ta m'chigafa cha fodya, Okapi ndiye mnzake. Pomezanitsa pamafunika chilonda chosalala cha kudula kamodzi, apo ayi mtengo sugwira. Kwa msodzi amene mpeni wake umagona m'bwato pamodzi ndi madzi ndi mamba, tsiku lonse ukudula twaini pokonza ukonde, wonyezimira umapirira kuposa. Izi tikunena ngakhale mtima wathu uli kwa Okapi. Msodzi akafunabe Okapi, avomere ntchito yake: kutsuka, kupukuta ndi kudontheza mafuta ophikira pachitsulo ndi popindira madzulo alionse. Dzimbiri likayamba, phulusa lonyowa ndi chitsononkho zimachotsa. Musapake oyilo wa injini pa mpeni umene mukasendere chinangwa cha kondowole.

Chinthu chimene ambiri sayang'ana ndi loko, komatu ndi pamene pali zala zanu. Mpeni wopinda ukatsekeka wokha uli m'manja, umatsekera pa zala zinayi zimene zagwira. Okapi potsegula amalira kuti kete kete, ndipo akafika kumapeto kachitsulo ka kumsana kamamugwira. Kuti atsekeke mpaka mukoke kamphete kaja. Wonyezimira nthawi zambiri uli ndi kachitsulo kopyapyala m'kati mwa chigwiriro, kamene mumakankha ndi chala chachikulu. Kachitsulo kameneka kakakhala kopyapyala kwambiri kamaterereka, makamaka manja akakhala ndi nsomba.

Choncho musanatulutse ndalama, pemphani wogulitsa kuti muutsegule. Ugwedezeni uku ndi uku. Ukamagwedera pa msomali wake uli watsopano, pakatha miyezi iwiri udzakhala ngati dzino la nkhalamba. Kenako sunthani zala zichoke panjira yake, mukanikize msana wa mpeniwo pathabwa. Ukapindika, ubwezeni pamphasa ngakhale wogulitsa atsitse mtengo. Muupindenso n'kuona ngati nsonga yabisika bwino m'chigwiriro, chifukwa nsonga yosuzumira imaboola thumba, ndipo tsiku lina ibaya dzanja lofuna makiyi. Wogulitsa wokana kuti muyese, mpiteni.

Samalaninso ndi Okapi wabodza, alipo ambiri. Onani dzina ndi kanyama kake ngati zadindidwa mozama pachitsulo, komanso ngati kachitsulo ka kumsana kali kolimba pokoka mphete. Kusathwa kokha si umboni wa bodza, pakuti ngakhale weniweni amafuna kumuonetsa mwala asanayambe ntchito.

Pali nkhani ya kuzinga. Ambiri a ife timazingira nkhuku mpeni wa m'thumba womwewu. Chiphunzitso chathu n'choti mpeni ukhale wakuthwa kuti chiweto chisazunzike, ndiponso tisanolere pamaso pake. Mpeni wobuntha umene munthu amachita kucheka ngati sowo ndi nkhanza kwa nkhukuyo, ngakhale watchula dzina la Allah. Apa chitsulo chomva mwala chimapambana, chifukwa munthu amanola mofulumira alendo ali pakhonde. Koma mbuzi kapena ng'ombe ya Qurbani musayese ndi mpeni wopinda wa mtundu uliwonse. Ndi waufupi, ndipo chiweto chikaphupha loko amatha kugonja. Pamenepo pamafunika mpeni wautali wosapinda, wosungidwira ntchito yomweyo.

Kwa anyamata, dziwani kuti ku South Africa Okapi ali ndi mbiri yoipa chifukwa cha zigawenga za m'matauni zimene zimabaya naye anthu. Amene mukupita ku Joni musamuike m'thumba la buluku podutsa pachipata cha Mwanza kapena Beitbridge, mungadzichedwetse ndi mafunso. Kunonso, popita ku mpira, ku ukwati kapena kumsonkhano, mpeni utsale m'dengu la kumunda kapena m'bwato. Ndipo pakhomo ukhale pamwamba, poti mwana wa zaka zisanu amatha kutsegula Okapi koma mphete ija sangaikoke bwino, amangolimbana nayo zala zili panjira.