Mmene Australia Idakhwimitsira Malamulo a Mfuti

Pa 28 Epulo 1996, munthu mmodzi adawombera anthu pamalo okopa alendo a Port Arthur, ku Tasmania m'dziko la Australia. Anthu 35 adafa, ena 23 adavulala. Patangotha masiku 12, pa 10 Meyi, nduna zoona za apolisi m'maboma onse a dzikolo zidakumana n'kumvana mfundo zimodzi za malamulo a mfuti. Mgwirizanowu umatchedwa National Firearms Agreement.

Liwiro limeneli n'lodabwitsa ukadziwa mmene ulamuliro udagawidwira kumeneko. Australia ili ndi zigawo zikuluzikulu zisanu ndi chimodzi komanso madera ena awiri odziyendetsa okha, ndipo chilichonse chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo. Nkhani ya mfuti ili m'manja mwa maboma amenewa. Boma lalikulu ku Canberra limangoyang'anira zolowa m'dziko. Choncho chigawo chimodzi chikakhwimitsa malamulo, wofuna mfuti ankatha kukagula kwina kumene zinthu zinali zolekerera.

A John Howard, amene adangokhala kumene pa udindo wa nduna yaikulu mu Marichi chaka chomwecho, analibe mphamvu yolamula zigawo. Iwo adachita zokakamiza. Adachenjeza kuti zigawo zikakana, ayitanitsa riferendamu yoti anthu asamutsire mphamvuyo ku boma lalikulu. Zigawo zidagonja. Komabe mgwirizanowo paokha sunali lamulo: nyumba ya malamulo iliyonse idayenera kuukambirana n'kuukhazikitsa m'malamulo akwawo.

Mfuti zazitali zotulutsa zipolopolo motsatizana popanda kutchera kachiwiri zidaletsedwa kwa anthu wamba, kupatula ochepa amene ntchito yawo imafunadi zida zotere. Aliyense wofuna mfuti adayenera kukhala ndi chiphaso, kukhala wa zaka 18 kapena kuposerapo, kuphunzira kagwiridwe kake, ndi kuisunga mokiyira, zipolopolo padera. Mfuti iliyonse idayenera kulembedwa m'kaundula, ndipo wogula ankadikira masiku 28 asanapatsidwe chilolezo.

Pa mfundo zonsezi, imene ndimaiona kuti idasinthadi zinthu ndi yakuti wopempha chiphaso apereke chifukwa chenicheni. Mlimi angathe kunena za nyama zowononga ziweto ndi mbewu. Mlenje angathe kuonetsa chilolezo cha mwini malo kumene akasakako. Wamasewera owombera chandamale angathe kuonetsa kuti ndi membala wa kalabu yodziwika. Koma wonena kuti akufuna kudziteteza sapatsidwa, chifukwa mgwirizanowo udanena mosabisa kuti chimenechi si chifukwa chokwanira. Apa mpamene Australia idasiyanirana kotheratu ndi America, kumene kukhala ndi mfuti ndi ufulu wolembedwa m'malamulo oyendetsera dziko. Ku Australia boma silivutika kufotokoza chifukwa chokumanira mfuti. Iweyo ndiye ufotokoze chimene ukuifunira.

Nanga mfuti zimene zinali kale m'nyumba za anthu? Boma lidazigula. Kuyambira Okutobala 1996 mpaka Seputembala 1997, anthu ankapita nazo kumalo osankhidwa, n'kulandira ndalama malinga ndi mtengo wake, ndipo mfuti zoposa 600,000 zidaphwanyidwa. Ndalamazo zidachokera kwa okhoma msonkho: kwa chaka chimodzi, msonkho wa zaumoyo wa Medicare udakwezedwa kuchoka pa 1.5 kufika pa 1.7 peresenti. Kunali kuchita mwachilungamo, chifukwa ambiri mwa eni mfutizo adazigula pamene lamulo linkalola.

Zinthu sizidayende mwamtendere kumidzi. Alimi ndi alenje adakwiya kuti akulangidwa pa mlandu wa munthu wina. A Tim Fischer, wachiwiri kwa nduna yaikulu, ankatsogolera chipani cha National Party chimene chimadalira mavoti a alimi omwewo, koma adaima ndi lamulolo ngakhale anthu akwawo ankawakuwiza. A Howard atapita kukalankhula ndi eni mfuti ku Sale, m'chigawo cha Victoria, adavala chovala chotchinga zipolopolo mkati mwa jekete.

Imfa za mfuti zidapitiriza kutsika m'zaka zotsatira, makamaka za anthu odzipha, zimene ndizo zinali zochuluka. Akatswiri amatsutsana kuti lamulolo lidathandiza mpaka pati, popeza chiwerengerocho chidali chitayamba kale kutsika 1996 isanafike. Mtsutso umenewu ngwoyenera. Ine chimene chimandikhudza n'chakuti dziko limene linkalira maliro a anthu ambirimbiri ophedwa ndi mfuti nthawi imodzi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 lidakhala zaka zoposa makumi awiri osaonanso zoterozo pamalo a anthu onse.

Mabowo adatsala ndithu. Mu 2002 munthu wokhala ndi chiphaso adapha ophunzira awiri pa yunivesite ya Monash, ndipo boma lidagulanso mfuti zazifupi mu 2003. Makaundula nawo adakhalabe a chigawo chilichonse pachokha, osalumikizana bwino. Mu Disembala 2022 apolisi awiri ndi munthu wina wokhala pafupi adaphedwa ku Wieambilla, m'chigawo cha Queensland. Patapita chaka, mu Disembala 2023, atsogoleri a maboma onse adagwirizana zokhazikitsa kaundula mmodzi wa mfuti wa dziko lonse, zaka 27 chichitikireni za ku Port Arthur.