Tigulitse Chiti?

Inu mabanja achikristu a m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, alipo ena mwa ife amene Mulungu adawaninkha boti la injini, njinga yamoto ndi galimoto. Koma chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ndi zitsulo zidakwera mtengo, ndipo zitatuzi zikulanda ana chakudya. Nanga tigulitse chiti?

Tiyambe tawerenga chimene chilichonse chidya ndi chimene chibweza. Boti ligona pagombe mwera ukamaomba, komabe ndilo libwera ndi usipa. Njinga yamoto ifika ku minda ya mpunga, ndi kunyamula wodwala usiku. Tsono galimoto yongodikira Lamulungu ndiyo ichoke. Koma bambo asatsimikize yekha, pakuti za m'nkhokwe adziwa ndi mayi. Apemphere pamodzi, apangane, ndipo ndalamayo ilipirire ana sukulu.